Waya Wofiira wa mu Lole ya Apongozi

Lolemba, 14 Julaye

Chisanu chosaneneka. Madzi osamba ndangowayang'ana, nawo andiyang'ana, tasiyana mwamtendere.

Alamu anga a Kingston afika Loweruka kuchokera ku Joni. Jekete lachikopa, magalasi akuda, m'katoni mawailesi awiri. Osati a nyimbo, aja olankhulirana madalaivala a mathiraki, kuno timati ova-ova. Ina yoika mu lole, ina yotsala pakhomo. Akuti foni kuno ku Tsangano imangothawira ku netiweki ya ku Mozambiki, dalaivala osapezeka. Pamenepo sakunama.

Koma chimene abwerera si wailesi. Akufuna makiyi a lole.

Lole ndi ya malemu apongozi anga aamuna, a Paison, ya ndalama za ku migodi. Ine zaka zisanu ndi zinayi pachiwongolero. Kachewere kupita ku Manjawira, pobwerera mpunga wa ku Bwanje ukapezeka. Koma ndine mkamwini. Zanga zenizeni pakhomo pano ndi nsapato, lezala ndi kope lino. Wogamula ndi apongozi aakazi, aNangozo. Akuti alankhula Lamulungu pa 27 tikaweruka ku tchalitchi. Akapereka kwa mwana wawo, ine kubwerera ku khasu, kumaiona lole ikundithira fumbi ndili m'mizere. 

Kudzinenera sindingathe. Zaka khumi ndi chimodzi ine ndi aNangozo sitinalankhulanepo, mwambo wake ndi umenewo ndipo iwo amausunga wonse wathunthu. Tikakumana panjira iwo kupatukira m'chimanga, ine m'chimanga cha mbali inayo. Chilimwe chimanga kulibe, timangoyang'ana kumwamba tonse ngati tikudikira mvula. Mawu onse amadzera mwa mkazi wanga Dailes, ndipo Dailes amasefa. Ukamutuma mawu khumi amakafikitsa atatu, atatuwo ndi moni.

Lachiwiri, 15 Julaye

A Kingston akuti ankayendetsa thiraki mpaka ku Debeni. Ndawayang'ana m'manja, mulibe chipsera ngakhale chimodzi. Ndikuganiza ankatsuka.

Pa chigayo, anthu ali pamzere, anena mokweza: "Dalaivala wosadziwa waya ndi wokoka ngolo chabe." Anthu kuseka. Ine m'malo mokhala chete ndati wailesiyo ndiika ndekha mawa, munthu asandigwirire ngakhale sipanala.

Pakamwa panga padzandipha.

Ndaisuzumira madzulo. Yakale, yolemera, ya kachitsulo kopotokola. Mawaya awiri okha, wofiira ndi wakuda, kuphatikiza chingwe cha eriyo. Pepala la malangizo theka linadyedwa ndi mphemvu, theka lotsalalo lili m'Chibunu. Mawaya awiri angandikanike ine?

Lachitatu, 16 Julaye

Eriyo yakhala padenga. Ndaboola ndi msomali ndi hamala, yapendekera pang'ono ku Mozambiki koma yaima. Waya wakuda ndaumanga pa bawuti ya bodi nditapala dzimbiri ndi mpeni. Mpaka apo ntchito ya katswiri.

Wofiira ndiye mlandu. A Kingston anati upite ku batire mwachindunji, fyuzi yake ili pakati. Wapelewera ndi mkono wathunthu. Kukapempha waya kwa alamu? Bola kufa. Ndati pansi pa chiwongolero mawaya ngambirimbiri, mmodzi wa moto sangasowe.

Ndalowa chagada, miyendo panja, mutu pansi pa chiwongolero, phewa lofinyika pa zopondera. Babu loyesera m'dzanja. Woyamba, ayi. Wachiwiri, ayi. Wobiriwira, babu ngwee! Ndasenda, ndapota, tepi. Fyuzi ndaisiya momwemo, ndi yokhayo yeniyeni mu lole yonse, zinazo ndi waya wa khola la nkhuku.

Kanyali ka wailesi kayaka. Ndatuluka, ndasasa fumbi, kazima. Ndalowanso, kayaka. Ndatuluka, kazima. Kanayi konse. Mbuzi za apongozi zimandionerera zikubzikula.

Ndiye kuti penapake pali waya wokhwefuka amene thupi langa limamukanikiza. Kapena wailesi ya ku Joni nayo imafuna mkamwini aziigwadira.

Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Malemu ankakonda kunena zimenezo. Sindikudziwa chifukwa chake zandifikira lero.

Lachinayi, 17 Julaye

Mulungu ndi wa amphawi!

Tsiku loyesa. Wailesi ya pakhomo aiika pabalaza pa aNangozo poti ndi iwo ali ndi batire ya sola. Ine ndabweretsa lole pabwalo pawo ndikudziwa kuti kanyali nkozima. Handibuleki inafa kalekale, timaimika ndi mwala, woika mwala ndi Dailes. Koma Dailes anali m'nyumba kuonerera, ndiye ndangokhala phazi lili pabuleki kudikira manyazi anga.

Mwadzidzidzi mawu a alamu m'lole monse: "Tsangano wani, Tsangano wani, mukundimva? Ova." Ndinatsala pang'ono kutulukira pazenera. Ndadina batani la cholankhulira, ndayankha ngati munthu wobadwira momwemo. Kuyesa katatu, katatu konse bwinobwino.

A Kingston atuluka nkhope ili ngati alawa mandimu. Anangoti, "Yagwira." Ine: timatero kuno.

Yadzikonza yokha bwanji sindikudziwa ndipo sindifunsa. Dailes waifunditsa kansalu kake koluka maluwa kuti fumbi lisalowe. Alamu mawa apita ku Blantyre kukalongosola za laisensi, abwerako Loweruka la sabata ya mawa. Munthu woyendetsa thiraki mpaka ku Debeni wopanda laisensi. Ndangolemba muno basi.

Lachisanu, 18 Julaye

Ulendo woyamba ndi wailesi. Matumba makumi atatu, Manjawira.

Anthu a ku Joni sanaiganizire lole yathu. Kuti ulankhule uzidina batani. Dzanja lamanja lili pachiwongolero. Lamanzere ligwira giya, poti yachiwiri ukaisiya imadzitulukira. Lachitatu ndilibe. Ndadula kamphira ka chubu, ndamanga batani kuti likhale lodinidwa, ndapachika cholankhulira pa galasi. Mu lole imeneyi chilichonse chimagwira ndi mphira, kuyambira chitseko mpaka bampala.

Ndaitana pa chigayo, zii. Ndaitana pa mlatho, zii. Tsiku lonse osamva ngakhale kutsokomola.

Madzulo ndafunsa Dailes ngati anamva kanthu. Akuti anali ku dimba, m'nyumba munali amayi okha. Ndamutuma akafunse. Yankho: "Amayi akuti iwo za mawailesi sazidziwa." Basi yafanso. Ndili ndi sabata imodzi kuti ndiidzutse alamu asanabwere.

Chonditonthoza ndi mtsetse wa pa dibi lakale la ng'ombe, tikangotuluka m'mudzi. Mphindi khumi zathunthu phazi lili pabuleki, lole ikulira, phompho kumanzere. Malemu anandiphunzitsa kuti pamenepo uzilankhula, mantha amachepa. Chimwalirireni iwo ndimalankhula ndekha. Ndi bwalo langa la milandu, woweruza ine, mboni ine. Lero mlandu unali wa khosi la nkhuku. Zaka khumi ndi chimodzi, nkhuku iliyonse yophedwa kwa apongozi, mbale yobwera kwa ine khosi ndi zipalapasiro. Ndinafunsa mokweza ngati nkhuku za aNangozo zimabadwa zopanda ntchafu.

Ndinafika pansi mtima uli myaa.

Lamulungu, 20 Julaye

Kwa apongozi apha tambala. Mbale yabwera ndi Tikondwe, mwana wathu. Ndavundukula.

Ntchafu. Ziwiri.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Ndafunsa ngati mwana wasokoneza mbale. Dailes akuti ayi, amayi anachita kuloza. Ankalankhula atayang'ana kukhoma, mapewa akugwedezeka. Akuti chimfine.

Mwina ndi mmene amatsanzikira munthu asanamulande makiyi. Mbuzi ya Khirisimasi nayo imadyetsedwa bwino. Ndadya, koma mosakondwa.

Lolemba, 21 Julaye

M'mawa ndisananyamuke ndalowanso pansi pa chiwongolero. Kayaka. Kutuluka, kazima. Ndagwedeza waya aliyense. Ndatukwana wailesi, ndatukwana amene anaipanga, ndatukwana Joni yense ndi jekete lachikopa. Mawu ena sindingalembe muno, ndine wa kwaya ya abambo.

Pa mtsetse milandu iwiri. Woyamba mbuzi za apongozi zimene zatha mbande zanga za kabichi kachitatu, mwini wake osazimanga, ine osatha kudandaula. Wachiwiri kaimbidwe kawo. Amayi a Mvano onse akamapita kumanja, aNangozo okha amapita kumanzere, ndipo mokweza. Ndinawayesezera ndime imodzi yonse ndi mawu awo omwe. Ndinadziseka mpaka giya inatuluka.

Ku Manjawira kachewere wayenda msanga. Kutentha kumeneko, kuno tikufa ndi chisanu.

Lachiwiri, 22 Julaye

Mbuzi zonse zisanu zamangidwa. Zingwe zatsopano.

Poyamba ndinati Dailes akuwerenga kope lino. Ndalichotsa pansi pa matiresi, ndalibisa m'tayala la sipeya. Kenako ndaganiza bwino: za mbuzi ndinalemba dzulo madzulo, ndipo Tikondwe akuti agogo anazimanga dzulo masana. Kope lilibe mlandu.

Ndafunsa Dailes ngati ndimabwebweta kutulo. Watuluka panja, ndamumva akuseka kuseri kwa bafa.

Sindimakhulupirira za masalamusi. Koma mzimayi amene anakhala zaka makumi awiri mwamuna ali ku migodi, ng'ombe osasowapo ngakhale imodzi, ayenera kuti ali ndi kena kake.

Lachitatu, 23 Julaye

Mbandakucha, ndikuthira madzi mu lole, nyimbo kuseri kwa nkhokwe. ANangozo akusesa. Nyimbo yake yomwe ija ndinayesezera Lolemba. Ndime zonse zinayi, kumanzere, mokweza kuposa kale, tsache likuyandikira. Ndinayang'ana kumwamba mpaka khosi kuwawa.

Pa mtsetse ndinati ngati ndikulodzedwa bola ndiulule machimo ndife woyera. Ndaulula za chitseko cha lole. Chaka chatha ndinauza mudzi wonse kuti chinaphwanyidwa ndi ng'ombe ya ku Mozambiki. Panalibe ng'ombe. Ndinagunda chitsa ndikubwerera chammbuyo, maso ali pa mpira umene unkaseweredwa pa sukulu. Ndinafotokozanso mtundu wa ng'ombeyo, yakuda ya nyanga imodzi, anthu mpaka kukaisaka.

Ndaululanso kuti wailesi sindikudziwa chimene ndinaichita, ndi kuti Lachinayi lija inangondimvera chisoni.

Mtima unapepuka. Kuulula kumakoma kukakhala kuti palibe akumva.

Lachisanu, 25 Julaye

Masiku awiri atsala. Wailesi zii. Ndasiya kuigwadira.

Lero pa mtsetse sizinali zoseka. Ndinangoti poti Lamulungu sindidzapatsidwa mpata, ndinene pano zimene ndikananena mwambo ukanalola. Ndinayamba ndi "Amayi," mawu amene sindinawaitanepo.

Ndinati ulendo womaliza wa a Paison, wopita ku chipatala, ndinawatsitsa pa mtsetse womwewu ndine, atatsamira chitseko, bulangete m'miyendo. Pa dibi anandigwira dzanja la giya. Anati: "Fyson, ana anga aamuna onse ali ku Joni. Mayi awa adzatsala ndi iwe. Sadzakuuza kanthu, koma usadzawasiye." Sindinauzepo munthu, ngakhale Dailes. Mkamwini akanena zotere amati akusaka chuma cha masiye.

Ndinati lole sindikuifuna kuti ikhale yanga. Ndikufuna ndizidzuka ndikudziwa kuti pakhomo pano ndili ndi ntchito. Ndinati mayi anga atamwalira ku Manjawira, bulangete limene tinawafunditsa ndinalizindikira, linali la pabedi pa aNangozo, ndipo zikomo wake ndakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi wopanda pomutula. Ndinati ndimawaopa kuposa apolisi a pamsewu, koma akadwala ine tulo sindiona.

Pofika pansi msewu sumaoneka bwino. Fumbi la chaka chino ndi loipa m'maso.

Madzulo kwa apongozi chitseko chotseka, palibe wosesa, palibe woimba. Dailes wandiikira madzi osamba otentha osawapempha. Sanaseke.

Loweruka, 26 Julaye

Dziko litseguke ndilowe.

Alamu abwera, laisensi akuti mwezi wa mawa. Molunjika ku lole. Avundukula kansalu, kanyali kozima. Asuzumira pansi pa chiwongolero, atsatira waya wofiira ndi chala, akanikiza buleki ndi dzanja. Kayaka. Asiya, kazima. Akanikiza, kayaka.

Anakhala pansi m'fumbi ndi jekete lawo lomwe, kuseka mpaka misozi. "Alamu, mwailumikiza ku magetsi a mabuleki! Imayaka mukaponda basi!"

Phewa langa lija. Phewa langa ndi limene linkaponda buleki.

Kenako aona mphira pa batani, kuseka kwaduka. Anandifunsa kuti yakhala yomanga kuyambira liti. Ndati Lachisanu la sabata yatha. Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani: batani likadinidwa wailesi imatumiza mawu, siilandira. Ndiye ine sindikanamva munthu. Koma nthawi iliyonse ndikaponda buleki, chilichonse chotuluka pakamwa panga chimakafika pabalaza pa mayi awo. Ndipo pa dibi ndi pafupi, pamtunda, mawu amafika oyera ngati uli pakhonde.

Dailes waulula zonse. Tsiku loyamba amayi anamva okha. Kuyambira Lolemba amaphika tiyi msanga, kukhala pampando, anzawo awiri a Mvano kubwera ndi mikeka. Amati tiyeni, akamwini ayandikira pa dibi. Anamuletsa Dailes kundiuza, ati akatero adzasiya kumutchula mwana wawo. Dzulo lokha, nditangoti "Amayi," anawatulutsa anzawo aja ndi Dailes yemwe, n'kutseka chitseko.

Ndawerenga kope lonse kuyambira pa 18. Khosi la nkhuku. Mbuzi. Nyimbo, ndi mawu awo omwe! Ng'ombe ya nyanga imodzi. Matukwano a Lolemba, pamaso pa amayi a Mvano, ine wa kwaya.

Ndapukuta nsapato. Makiyi ndawachotsa pa kachingwe kanga, ndawaika pa mbale. Kwathu ku Manjawira nyumba ya mayi idakali ndi denga mbali imodzi.

Lamulungu, 27 Julaye

Ku tchalitchi sindinaimbe. Amayi awiri aja amandiyang'ana, kenako kuyang'anana.

Titaweruka ndinavala jekete, mbale ya makiyi m'manja, kudikira kuitanidwa kuseri kwa nkhokwe kumene timakhala pa milandu, iwo uko ine kuno Dailes pakati. Dailes anabwera yekha. Akuti amayi akuti mupite mu lole, mumasule mphira, muponde buleki. Ndinati nanga mwambo? Akuti amayi akuti mwambo unaletsa maso, za waya makolo sananenepo.

Ndinakwera. Mphira inavuta kumasula. Ndinaponda.

Kunamveka kupuma, kenako mawu amene ndakhala ndikuwamva akulankhula ndi nkhuku, ndi ana, ndi Mulungu, koma osati ndi ine. "Bambo a Tikondwe, mukundimva? Zakuti ova-ovazo ine sindinena."

Ndinadina batani, ndinati ndikumva, amayi. Anati ndisiye batanilo, ndalankhula sabata yathunthu, ino ndi nthawi yawo.

Anati ankayesa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wosalankhula, osadziwa kuti ndi wailesi yathunthu. Khosi ankandipatsa chifukwa a Paison ankalikonda, amayesa amuna onse ndi choncho, ndikanatuma mawu. Chitsa chija anachiona tsiku lomwelo chili ndi penti ya chitseko, amangodikira kuti ng'ombeyo idzabereka liti. Za kuimba, akuti anayamba Mvano ine ndisanamere mano ndipo amene amasochera ndi enawo. Matukwano ndikapepese kwa abusa ndekha.

Kenako anafika pa nkhani ya Lachisanu ija.

Anati: "Zija anakuuzani bambo pa dibi, anandiuzanso ine ku chipatala. Anati Fyson sadzakuuza kanthu, koma usadzamuchotse pachiwongolero. Ndimadikira ndione ngati mudzazigwiritsa ntchito pofuna lole. Zaka zonsezi, ayi. Makiyi bwezerani pa kachingwe kanu."

A Kingston akuti akonze handibuleki poti ndi katswiri, akatenga laisensi tizisinthana ulendo wa ku Bwanje. Waya wofiira asaukhudze munthu. Mphira yokha ndiyo itayidwe, chifukwa nawonso ali ndi mawu a zaka khumi ndi chimodzi.

Ndipo anayamba. Denga la khitchini limene ndinafolera mokhota chaka cha ukwati. Malaya amene ndinavala pa chinkhoswe. Dzina la Tikondwe, iwo ankafuna Janeti. Mmene ndimatsekera chitseko cha lole ngati ndikumenyana nacho. Bondo lawo lamanzere. Mmene nyumba imakhalira zii chichokereni bambo, kuti nthawi zina amayatsa wailesiyo lole ili pabwalo pomwe.

Mphindi makumi anayi. Dailes anaika mwala kalekale, lole sikanapita kulikonse. Mwendo unachita dzanzi kuyambira chala mpaka m'chiuno. Kungonyamula phazi pang'ono, kanyali kakanazima, iwo osadziwa n'komwe kuti akulankhula okha.

Sindinalinyamule.